Ganesha wa sandalwood: ndigule kapena ndisiye?

Nachisale_Mysuru: Abale, ndithandizeni nzeru. Ndikubwerera kumudzi mwezi wamawa ndipo ndikufuna kuwatengera mphatso abwana anga akale a ku Limbe, amene anandilipirirako fizi. Ndi achihindu. Kuno ku Mysuru, ku India, ndaona chiboliboli cha Ganesha, mulungu wawo uja wa mutu wa njovu, chachitali ngati chikhatho changa. Akuti ndi sandalwood, mtengo wonunkhira uja, ndipo akugulitsa ma rupee 14,000. Ndigule?

Wa ku Ntcheu: Chemwali, 14,000 pa kamtengo? Osema a ku Mua akhoza kukusemerani njovu ya phingo, chenji n'kutsala.

Nachisale_Mysuru: Si njovu achimwene, ndi mulungu wawo. Chitamba chikhotere kuti, dzanja lililonse ligwire chiyani, kakhoswe kokhala kumapazi, zonse zili ndi malamulo ake. Ambiri amafuna cha chitamba chokhotera kumanzere ngati n'cha m'nyumba.

Gogo Durban: Mwanawe, wachiona kuti? Ngati ndi pamsika, samala. Amatenga mtengo wamba woyera n'kuupaka mafuta a sandalwood, monga anyamata ena kwathu amapakira polishi wakuda n'kumati phingo. Ine ndinagwa nazo. Chinanunkhira miyezi iwiri, kenako zii, ndipo pansi pake panayamba kutuluka kaufa, chafumbwa. Pita ku Cauvery, sitolo ya boma la chigawo cha Karnataka pa Sayyaji Rao Road ku Mysuru konko, ukayerekeze mitengo. Usaiwale lisiti. Akakuuza kuti n'chakalekale, chisiye: lamulo la India la 1972 limaletsa kutulutsa m'dziko zinthu zopitirira zaka 100.

Mayi a Tadala: Koma inu Mkhristu kunyamula fano m'chikwama, mtima uli m'malo?

Nachisale_Mysuru: Sindikukachigwadira mayi. Iwo aja ankandipatsa tchuthi ndi shuga pa Khrisimasi, sanafunse za mpingo wanga.

Kondwa_Leicester: Vuto langa lili pena. Anzanga akuno amati chiboliboli chopembedzera chimasambitsidwa ndi madzi, mkaka, ngakhale uchi, n'chifukwa chake ambiri amakonda cha mkuwa kapena mwala. Cha mtengo sichingapirire zimenezo. Ngakhale kukachisi wa ku Puri, ku India, komwe mulungu wawo Jagannath ndi wa mtengo wa nimu, tsiku ndi tsiku amathira madzi pa galasi loonetsa chithunzi chake, osati pa mtengowo, ndipo pakapita zaka amasema wina watsopano, monga anachitira mu 2015. Chinanso, chikang'aluka ambiri sachipembedzeranso. Ndiye taganizani kutentha kwa Okutobala, kenako chinyontho cha Januwale.

Gogo Durban: Kung'alukako n'kusasamala. Osachiika padzuwa la pawindo, kapena pafupi ndi kanyali kawo ka mafuta, mwaye umadetsa nkhope. Fumbi uzichotsa ndi kaburashi kofewa, nsalu yonyowa ayi. Mitengo ina umaipaka phula la njuchi pang'ono, koma sandalwood isiye momwemo. Vanishi amapha fungo, pamene fungolo ndi limene walipira.

Wa ku Ntcheu: Ndiye chokongoletsera pa shelefu basi? Ine ndikadagula zofukiza ndi nsalu ya silika, Mysuru imatchuka nazonso.

Nachisale_Mysuru: Ndawalembera ana a abwana aja pa WhatsApp. Akuti m'kachipinda kopempherera ali kale ndi Ganesha wa mkuwa wochokera ku Gujarat, koma bambo akhala akufuna wamng'ono woika pa desiki kushopu. Loweruka ndikaona ku Cauvery. Akakwera kuposa 14,000, nditenga wocheperako.

Gogo Durban: Umukulunge m'chitenje, akwere nawe m'chikwama cha m'manja. Chitamba ndi chimene chimayamba kuthyoka.