Boma likagulitsa migodi, bwanji limabwereranso?

Nabanda:
Akuluakulu, nkhani ya migodi ya kopa ya ku Zambia yandiimitsa mutu. Mu 1969 Kenneth Kaunda analengeza ku Matero kuti boma litenga magawo 51 pa 100 aliwonse a migodi, ndipo mu 1982 kunabadwa kampani ya boma yoyendetsa migodi ya ZCCM. Mtengo wa kopa unali utagwa kale cha m'ma 1975, ngongole n'kumakula. Frederick Chiluba atalowa mu 1991, IMF ndi World Bank anaumirira kuti migodi igulitsidwe, moti pofika 2000 inali m'manja mwa makampani akunja. Ndiye mu 2021 boma lomwelo linatenganso mgodi wa Mopani kwa kampani yakunja ya Glencore pa dola imodzi, n'kusenza ngongole ya madola 1.5 biliyoni. Mu 2024 magawo 51 pa 100 aliwonse a mgodiwu anapitanso kwa kampani ya ku Abu Dhabi. Chimene chikundiwawa n'choti pakati pa kugula ndi kugulitsa konseku pali anthu amene ntchito zawo zinatha. Kodi chasintha n'chiyani kwenikweni?

Jere:
Mayi, chimasintha ndi dzina la mwini papepala. Chimene sichinasinthe n'choti ndalama zambiri zakunja za Zambia zimachokera ku kopa. Boma lotere silingaonerere mgodi ukutsekedwa, ngakhale litalumbira kangati kuti bizinesi si ntchito yake. Glencore itafuna kuimitsa Mopani mu 2020, ntchito za anthu masauzande zinali pachiswe, chisankho chili pafupi. Kukhala inuyo, mukanatani?

Mbewe:
A Jere anena zoona, koma ine ndikuti mizu yake ndi yakale kuposa apo. Maboma ambiri a mu Africa anatengera kwa atsamunda mabodi ogula mbewu. Ku Ghana bodi ya koko inayamba mu 1947, dziko lisanalandire ufulu. Nthawi ya kusintha kwa chuma, m'ma 1990, analola makampani kugula koko kwa alimi, koma mpaka lero boma ndi limene limalengeza mtengo wogulira kwa mlimi, ndipo bodi ija ikadagwirabe malonda akunja. Ku Malawi ADMARC inakhazikitsidwa mu 1971 m'malo mwa bodi yakale, ndipo mu 1987 amalonda analoledwa kupikisana nayo. Kumadera akutali, kumene misewu ndi yoipa, amalondawo sanafike mokwanira. Mlimi wakumeneko anamva kuti msika wamasuka, koma wogula osamuona. N'chifukwa chake anthu omwe ankadandaula ndi mitengo ya bodi ndi omwe analira misika yake itatsekedwa.

Jere:
Koma tisanene ngati palibe chasintha, a Mbewe. Lero boma likafuna kulowerera liyenera kukambirana ndi obwereketsa ndalama, ndiponso eni makampani atha kukalisumira kumakhothi akunja. Zambia itayesa kulanda mgodi wa Konkola kwa kampani yakunja ya Vedanta mu 2019, mlandu unatenga zaka, mgodi ukuvutika, mapeto ake Vedanta anabwerera. Kaunda analibe zingwe zoterozo.

Nabanda:
Zikomo nonse. Mfundo ya a Jere yokhudza kopa yandigwira mtima. Ndiye ndifunsenso: Botswana inasankha kugawana theka ndi theka ndi kampani ya De Beers mu Debswana, kampani yokumba dayamondi, osalanda, osagulitsa zonse. Kodi njira imeneyo ikanatheka pa kopa, kapena inayenda chifukwa dayamondi anali ndi msika wolamulidwa ndi kampani imodzi?