Ndalama za chaka chino: madesiki kapena maphunziro a aphunzitsi athu?

Mlembi: Akuluakulu nonse a kwathu ku Dowa, m'thumba la gulu muli K4,200,000. Maganizo afika awiri. Loyamba ndi la madesiki a sukulu zathu za CDSS. Lachiwiri abwera nalo a Nabanda a ku Jubeki, loti tilipirire aphunzitsi a History kukaphunzira kaphunzitsidwe ka mbiri ya kuphedwa kwa Ayuda m'nthawi ya Hitler. Tikambirane mpaka Loweruka, Lamlungu tivote.

A Nabanda (Johannesburg): Zikomo alembi. Mwana wanga ali Grade 9, ndipo kuno nkhaniyi ili mu silabasi ya kalasi imeneyo. Ndidamuperekeza ku Johannesburg Holocaust & Genocide Centre, malo ophunzitsa za mbiriyi ku Forest Town. Ine ndidalemba Fomu 4 ndikudziwa chiwerengero chokha, Ayuda 6 miliyoni. Sindinkadziwa kuti zipinda zophera anthu ndi gasi zidabwera kumapeto. Hitler adalowa m'boma mu 1933. Mu 1935 malamulo a ku Nuremberg adalanda Ayuda unzika n'kuletsa maukwati pakati pa iwo ndi Ajeremani ena. Mu Novembala 1938 masunagoge adawotchedwa, ndipo mwezi womwewo ana achiyuda adathamangitsidwa m'sukulu za boma. Pamenepo panali aphunzitsi oitana mayina m'mawa, n'kuona mipando ili yopanda anthu. Malo a ku Forest Town aja amaphunzitsanso aphunzitsi, ndipo amaika mbiriyi pamodzi ndi ya Rwanda ya 1994. N'chifukwa chake ndaganiza za kwathu.

A Phiri (Mponela): Achemwali, ndakumvani bwino, ndipo musandiuze za chaona mnzako chapita, mwambiwo ndikuudziwa. Koma inu muli kutali. Ine ndimaona ana a Fomu 1 atakhala pa simenti mu Juni, kope lili pabondo. Desiki likhala zaka khumi. Mphunzitsi tikamuphunzitsa, chaka chamawa boma limusamutsira ku Nsanje, ife tatsala ndi chiyani? Komanso nkhani ya ku Ulaya ikutikhudza pati?

Aphunzitsi a Mwale (Dowa Boma): Bambo Phiri, za kusamutsidwazo mwanena zoona. Koma ndilole ndikuuzeni mmene timaphunzitsira. Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse ili mu silabasi. Timalemba pa bolodi zifukwa zimene Hitler adakwerera, ana amakopera, amaloweza. Za Ayuda zimatenga mizere iwiri. Tsiku lina mnyamata wina wochokera ku Dzaleka adakweza mkono n'kufunsa kuti, "Sala, anansi awo ankatani pamene ankawatenga?" Kalasi yonse idati zii. Ine ndidayankha zozungulira, chifukwa palibe amene adandiphunzitsapo kayankhidwe ka funso lotero kwa mwana amene makolo ake adathawa zofanana nazo. Ndidabwerera kunyumba mtima uli wolemera. Dzaleka ili m'boma lathu lomwe lino, idayamba kulandira othawa kwawo mu 1994, ndipo muli anthu a ku Rwanda, Burundi ndi Congo. Timagula nawo pamsika umodzi.

Amalume a Chisale (Leeds): Ana anga, ndikhale ngati ndalowerera. Inu mukuidziwa Dzaleka ngati kampu ya othawa kwawo. Ife tidaidziwa ngati ndende. Mu 1967 a Mboni za Yehova adaletsedwa m'Malawi chifukwa chokana kugula makadi a chipani, ndipo chiletsocho chidachoka mu 1993. Ambiri adatsekeredwa pa Dzaleka pomwepo, ena adathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Ine sindinali wa Mboni. Ndinali mnyamata, ndidaona nyumba ya anzathu ikupsa, ndipo ndidangoyang'ana. Sindikuti zathuzo n'zofanana ndi za Ayuda, ayi. Ku Babi Yar, pafupi ndi Kyiv, a Nazi, anthu a chipani cha Hitler, adawombera Ayuda 33,771 m'masiku awiri okha mu Seputembala 1941. Ku kampu ya Auschwitz kudafa anthu pafupifupi 1.1 miliyoni, ochuluka mwa iwo Ayuda. Limenelo linali boma lofuna kufafaniza mtundu wonse, mpaka makanda. Koma funso la mnyamata uja la anansi, a Mwale, landifika pamtima. A Mboni ku Germany nakonso adaikidwa m'makampu, atawasokera kansalu ka mtundu wa pepo pamalaya. Voti yanga ili kwa aphunzitsi, ndipo ndiwonjezerapo kangachepe.

A Kamanga (Area 25): Ine nkhawa yanga ndi imodzi. Zisasanduke ndale za Israel ndi Gaza. M'gulu muno tili Akhristu ndi Asilamu, tisagawikane. Komanso bwanji osayamba ndi za ku Africa? Ajeremani omwewo adapha Aherero ndi Anama ku Namibia kuyambira 1904.

A Nabanda: Achimwene a Kamanga, maphunziro ndi a zimene zidachitika pakati pa 1933 ndi 1945. Za Namibia zilowe, ndikugwirizana nazo, ndi za Rwanda zomwe, kumene wailesi inkatchula Atutsi kuti mphemvu monga a Nazi ankafanizira Ayuda ndi makoswe. Mphunzitsi akadziwa kuonetsa ana mmene mawu otere amayambira, adziwanso chonena mwana akatukwana mnzake wachialubino kapena akanena kuti "Maburundi" monyoza.

Msungichuma: Tiyeni tiwerengere. Kutumiza aphunzitsi awiri ku Jubeki pa basi, ndi mapasipoti, malo ogona ndi chakudya, kungadye mbali yaikulu ya thumba. Ine ndikuti tiyambe ndi kulembera kalata malo amene a Nabanda atchulawo, tifunse ngati angaphunzitse kudzera pa intaneti. Zikatheka, tisonkhanitse aphunzitsi a History a sukulu zonse zozungulira pa TDC, malo ophunzitsirako aphunzitsi, kwa masiku atatu. Ife tilipire thiransipoti, nkhomaliro, bando ndi kusindikiza mapepala. Tipemphenso chilolezo ku ofesi ya maphunziro tisanayambe chilichonse.

A Phiri: Mukatero ndiye kuti wina akasamutsidwa ena atsala, pamenepo ndamva. Koma madesiki ndisawasiye. Ndikupempha K3,000,000 ipite ku madesiki, yotsalayo ku maphunziro. Ndipo aphunzitsi a ku Dzaleka aitanidwe nawo, akhale pa benchi limodzi ndi athu.

Aphunzitsi a Mwale: Zimenezo ndazikonda. Ndipemphenso kuti amalume a Chisale atijambulire mawu awo a nyumba idapsa ija, ngati angalole, tikawamvetsere limodzi tsiku loyamba.

Amalume a Chisale: Ndilola. Mundipatse sabata ziwiri, ndiyambe ndalankhula ndi mwana wa m'nyumbamo, akadali moyo.

Mlembi: Ndalemba. Pa voti pakhala mfundo zitatu: madesiki okha, maphunziro okha, ndi kugawa monga anenera a Phiri. A Nabanda, kalatayo ifike kwa ine pofika Lachinayi.