Fyuzi ya TAIL ikungopsa mu Corolla, thandizeni maganizo

Wa Magetsi Wamng'ono:
Akuluakulu, ndalandira Corolla NZE121 m'mawa uno. Mwini wake akuti akayatsa magetsi usiku, a kumbuyo sakuyaka, a pa nambala sakuyaka, dashibodi nayo mdima. Magetsi akuluakulu akutsogolo aja okha ndi amene akuyaka. Ndapeza fyuzi ya TAIL yapsa. Ndaika ina ya saizi yomwe yalembedwa pa chivundikiro, kungopotoza switchi kufika pa park, thu! yapsanso. Ndamasula magetsi akumbuyo mbali zonse, ma holder ali bwino, ndatsatira mawaya m'buti mpaka pa hinji pomwe amakonda kupekeseka, palibe pomwe pasendeka. Fyuzi zikungondithera. Ndiyang'anenso pati?

Kamuna wa Masipika:
Ikanimo ya 30A, bwana, muone pomwe patuluke utsi. Pamenepo ndi pomwe pali shoti.

Mayi Mita:
Achimwene a Masipika, zanthabwala zimenezo ena azitenga ngati zoona. Fyuzi imayezedwa ndi kukula kwa waya umene ili kuteteza. Mukaika ya 30A pa kawaya kakang'ono ka magetsi a dashibodi, kawayako ndi kamene kasanduke fyuzi, ndipo kapsera mkati mwa mtolo, kusungunula anzake onse.

Achimwene a Magetsi, siyani kuwononga fyuzi. Tengani babu la kutsogolo la 55W, mangani mawaya awiri, mulowetse m'mabowo awiri a fyuziyo. Mukayatsa park ndipo shoti ilipo, babulo liwala mwamphamvu zake zonse. Kenako yambani kuzula zinthu chimodzichimodzi. Mukazula chimene chili ndi vuto, babu lizilala pomwepo. Musagwiritse la 21W, chifukwa mababu onse a park akaphatikizana amakoka moto wofanana nalo, ndiye limawalabe ngakhale shoti yachoka, n'kukusokonezani.

Mdala wa Mawaya:
Za babuzo n'zoona. Koma mphwanga, usanayambe kumasula galimoto yonse, funsa mwini wake kuti chomaliza kugwiridwa pa galimotoyo n'chiyani. Usamufunse za magetsi, ayankha kuti palibe. Umufunse chilichonse chimene wagula kapena kusintha mwezi uno.

Wa Magetsi Wamng'ono:
Ndafunsa, mdala. Akuti sabata yatha munthu wina anamuikira wailesi yatsopano, ya sikirini. Yakale inali ya ku Japan yomwe imathera pa 90 MHz, ndiye masiteshoni ambiri sinkawagwira. Koma wailesiyo ikulira bwinobwino, ndaiyesa ndekha. Vuto lake n'lakuti akazimitsa kiyi imaiwala masiteshoni ndi nthawi, komanso masipika akumbuyo ali zii. Ameneyu sayenda usiku kawirikawiri, ndiye za magetsizi wazizindikira dzana.

Mdala wa Mawaya:
Ndiye tseka butiyo. Matenda ali kuseri kwa wailesi. Itulutse, usadule kanthu, utiuze waya wakuda wa wailesiyo walumikizidwa ku waya wa mtundu wanji wa galimoto.

Wa Magetsi Wamng'ono:
Ndatulutsa. Mapulagi a galimoto anadulidwa onse awiri, wa mabowo 10 uja ndi wa mabowo 6, mawaya angopotokozedwa n'kukulunga tepi. Wakuda wa wailesi uli pa wobiriwira wa galimoto. Wofiira ndi wachikasu a wailesi aphatikizidwa, onse ali pa wotuwa. Ndiye pali ena angomangidwa pambali osalumikizidwa: wabulawuni, wabuluu wa mzere wachikasu, wofiira, woyera, wakuda ndi wachikasu.

Ndayeza wobiriwirawo ndi mita kupita ku bodi, ikulira kusonyeza kuti njira ilipo. Ndiye ukuoneka kuti ndi earth ndithu.

Kamuna wa Masipika:
Ngati mita ikulira ndiye earth ili bwino. Yang'anani kwina.

Mdala wa Mawaya:
Ayi ndithu. Apo mpomwe anagwera amene anaika wailesiyo, musagwereponso inu awiri. Pa ma Toyota ambiri a zaka zimenezo wobiriwira ndi waya wa illumination, wa timagetsi ta m'dashibodi, umabwera ndi moto mukayatsa park. Earth yeniyeni ndi wabulawuni uja waikidwa pambali.

Mita ikulira chifukwa chake ndi ichi. Magetsi akakhala ozima, waya umenewo mbali ina yake umathera m'mababu a kumbuyo, a pa nambala ndi a dashibodi, ndipo mababuwo miyendo yawo inayo ili ku bodi. Babu la 5W likamayaka limakhala pa ma ohm pafupifupi 29, koma likazizira limatsika kufika cha pa 3. Muphatikize angapo pamodzi, mita iona 1 ohm kapena kucheperapo. Mita zambiri zimayamba kulira zikaona chilichonse chochepera ma ohm 30 kapena 50. Ndiye ilekerenji kulira? Mita ili ngati mwana, imayankha chimene mwaifunsa basi. Inu mwaifunsa ngati njira yopita ku bodi ilipo, yati ilipo. Simunaifunse ngati wayawo umakhala choncho nthawi zonse.

Tsono taonani chimene chikuchitika. Waya wakuda wa wailesi mkati mwake ndi wolumikizana ndi chitsulo cha wailesiyo. Chitsulocho chamangidwa pa mabulaketi, mabulaketi ali pa chitsulo cha dashibodi, komanso pulagi ya eriyo kunja kwake ndi earth. N'chifukwa chake wailesi ikulira bwino masana, earth ikuipeza pa mabulaketi. Kungoyatsa park, 12V ikubwera pa wobiriwira, kulowa mu wakuda, kudutsa m'wailesi, molunjika ku bodi. Fyuzi ya TAIL ingapirire bwanji?

Mayi Mita:
Mungathe kutsimikiza musanadule. Wailesi ili panja choncho, zulani eriyo, muonetsetse kuti chitsulo chake sichikukhudza paliponse. Babu lija likadali m'malo mwa fyuzi, yatsani park. Lisawale kwambiri, magetsi akumbuyo aoneke kuti ayamba kufiira, ndipo wailesi iyambe kuvuta kapena izime, poti earth yake yasanduka moto. Mukagunditsa chitsulo cha wailesi pa bulaketi, babu liwale mwamphamvu.

Wa Magetsi Wamng'ono:
Zachitika momwemo, mayi. Kungokhudzitsa pa bulaketi, babu ngwee! Ndachotsa wakuda pa wobiriwira, ndaika fyuzi yatsopano, magetsi onse ayaka, fyuzi ili phee. Wobiriwira ukuwerenga 0 magetsi ali ozima, 12.3V ndikayatsa park. Wabulawuni ukuwerenga 0 monsemo ndipo ku bodi ukupereka 0.3 ohm.

Tsono nkhani yoiwala masiteshoniyi. Ndayeza mawaya onse kiyi atachotsedwa, palibe ngakhale umodzi uli ndi moto. Wotuwa umabwera ndi 12V pokhapokha kiyi akapotozedwa kufika pa ACC. Mwina n'chifukwa chake uja anangophatikiza wofiira ndi wachikasu.

Kamuna wa Masipika:
Kokani waya kuchokera pa batire, muikepo onse awiri, wofiira ndi wachikasu. Sidzaiwalanso. Kasitomala azingozimitsa ndi batani.

Mayi Mita:
Ndipo Lolemba m'mawa adzakuimbirani kuti galimoto yakana kulira. Wachikasu ndi umene umanyamula moto wonse wa wailesi komanso kusunga memory, uyenera kukhala ndi 12V nthawi zonse. Wofiira pa mawailesi ambiri ndi wongouza wailesi kuti kiyi watsegulidwa, dzuka. Mukaupatsa moto osalekeza, wailesi siigona kwenikweni, batani lija limangozimitsa sikirini ndi mawu. Tiyerekeze kuti ikukoka 0.3A yokha ili chozima. Pa maola 24 ndi 7.2Ah. Batire laling'ono la 35Ah litaima masiku atatu latsika kupitirira theka, sitata singatembenuke bwino. Galimoto yonse ikagona siyenera kukoka moto wopitirira 50mA kapena cha pamenepo.

Mdala wa Mawaya:
Palibenso chifukwa chokokera waya watsopano. Wa moto wosazima ulipo kale, ndi wabuluu wa mzere wachikasu uja. Ngati ulibe moto ndiye fyuzi yake yapsa. Mphwanga, tsegula chitseko uone ngati getsi la padenga mkatimo likuyaka. Pa ma Toyota ambiri memory ya wailesi imadyera limodzi ndi getsi limenelo pa fyuzi ya DOME, pa ena imalembedwa RADIO kapena RAD NO.1. Munthu akadula mtolo wonse nthawi imodzi ndi pulayazi batire lili lolumikiza, pulayaziyo imagunditsa wa moto ndi wa earth, fyuzi n'kupita. Iye n'kuyeza pambuyo pake, n'kupeza kuti kulibe moto, n'kuyamba zophatikiza.

Wa Magetsi Wamng'ono:
Mdala, mumaona patali. Getsi la padenga silikuyaka, mwini wake amati ndi babu. DOME yapsa. Ndasintha, wabuluu wa mzere wachikasu ukuwerenga 12.5V kiyi ali m'thumba. Ndiye wachikasu wa wailesi upite pamenepo, wofiira ukhale pa wotuwa, wakuda pa wabulawuni.

Nanga anayi atsalawa? Wofiira, wachikasu ndi wakuda a galimoto, ndi woyera. Onse alibe moto.

Kamuna wa Masipika:
Apa ndiye pafika pa dera langa. Amenewo ndi masipika akumbuyo, anachokera pa pulagi ya mabowo 6 ija. Wakuda ndi wachikasu ndi wa kumanzere, wofiira ndi woyera ndi wa kumanja. Toyota imakola anthu ambiri pamenepo, chifukwa mitundu itatu imene pa wailesi ndi ya moto, pa galimoto ndi ya masipika. Ndinaonapo wina atangolumikiza wofiira ku wofiira, wachikasu ku wachikasu, wakuda ku wakuda, n'kumadabwa kuti wailesi yatsopano siikuyaka. Mitundu ya pa mchira wa wailesi ndi imene ili ndi dongosolo limodzi pa makampani ambiri: yoyera kutsogolo kumanzere, yotuwa kutsogolo kumanja, yobiriwira kumbuyo kumanzere, yapepo kumbuyo kumanja, wa mzere wakuda ndiye negativu. Ya galimoto aliyense wopanga amasankha yake.

Musangokhulupirira ine, yezani. Pakati pa mawaya awiri a sipika imodzi ya 4 ohm mita imawerenga pang'ono kuchepera 4, mwina 3.4 kapena 3.6. Kenako tengani kabatire ka 1.5V ka AA, mugunditse, mumva kuti "thu" mbali yomwe kuli sipikayo. Ngati mukuiona, pepala lake likakankhika kubwera kunja ndiye waya umene uli pa mutu wa kabatireko ndi positivu.

Mayi Mita:
Kabatireko muziyesera pa mawaya okhawo amene mwatsimikiza ndi mita kuti ndi a sipika. Kuseri kwa dashibodi kumadutsanso mawaya a airbag, amakhala m'mapaipi kapena mapulagi achikasu. Amenewo musawakhudze ndi batire, tesita ya babu, ngakhale mita.

Chinanso, yezani waya wa sipika uliwonse kupita ku bodi wailesi isanalumikizidwe. Pasapezeke njira. Mawailesi a masiku ano negativu ya sipika si earth, mawaya onse awiri amakankha mawu, ndipo wailesi ikayaka uliwonse umawerenga pafupifupi theka la moto wa batire, cha pa 6V. Umodzi ukakhudza bodi, kapena mukaphatikiza ma negativu a masipika awiri, IC ya mawu imatentha, mwina kudzitseka, mwina kupseratu.

Wa Magetsi Wamng'ono:
Wakuda ndi wachikasu 3.7 ohm, wofiira ndi woyera 3.6, ku bodi palibe. Onse alira mbali zomwe mwanena. Poona akutsogolo ndapezanso kuti wa kumanja anautembenuza, positivu ku negativu.

Kamuna wa Masipika:
N'chifukwa chake bass inali yosowa, ngati munamvetsera. Sipika ina ikukankha ina ikukoka, mawu okhuthala amafafanizana. Mukabweza mumva kusiyana musanakhudze n'komwe equalizer.

Mdala wa Mawaya:
Wobiriwira uja usausiye wamaliseche. Uli ndi malo ake, ndi waya wa olenji wa wailesi, kapena wa olenji wa mzere woyera malinga ndi momwe alembera pa chikwangwani cha pamwamba pa wailesiyo. Ukaulumikiza, sikirini izichepetsa kuwala usiku, woyendetsa asamathobwe m'maso. Ngati suufuna, utseke nsonga ndi heat shrink, kapaipi kothina kakatenthedwa kaja.

Ndipo zopotokola n'kukulunga tepizo zichoke zonse. M'dashibodi mumatentha, guluu wa tepi amasungunuka, miyezi ingapo mawaya ali pamtunda. Ine ndikanafuna mapulagi awiri aja kuchokera pa galimoto yophwasulidwa, n'kuwabwezeretsa ndi solder, kenako n'kugula adaputala yolowa mu pulagi ya Toyota. Wobwera pambuyo pako adzangozula n'kulowetsa. Chotsa kaye negativu ya batire usanayambe, DOME ingapsenso kachiwiri.

Mayi Mita:
Ine pa solder timasiyana pang'ono ndi mdala. Solder ikachuluka imakwera m'waya, wayawo n'kuuma, ndipo pamene kuumako kwathera ndi pomwe umathyoka ndi kugwedezeka. Crimp yofinyidwa ndi chida chake chenicheni imapirira bwino. Koma ngati chofinyira chanu ndi pulayazi wamba, bola solder yomweyo.

Mdala wa Mawaya:
Mayi, solder yanga sinathyokepo, koma sindikukanani. Chachikulu amange mtolowo ndi cable tie kuti kulemera kusakhale pa mfundo.

Wa Magetsi Wamng'ono:
Ndamaliza, akuluakulu. Mapulagi sindinawapeze lero, ndagwiritsa solder ndi heat shrink, waya uliwonse ndaumata kapepala kolemba ntchito yake. Park ikuyaka, fyuzi ili bwino, masipika onse anayi akulira, ndazimitsa kiyi n'kuyatsanso masiteshoni alipo. Ndaika mita pa 10A pakati pa negativu ya batire ndi waya wake, zitseko zotseka, patapita kanthawi yakhazikika pa 0.02A.

Chatsala chimodzi, FM ikumveka mwaphokoso ngakhale masiteshoni amphamvu. Waya wabuluu wa wailesi sunalumikizidwe paliponse.

Mdala wa Mawaya:
Yamba waona ngati pulagi ya eriyo yalowa mpaka kumapeto. Ikakhala bwino, tsatira chingwe chake uone ngati pali kawaya kena koyenda nacho limodzi. Kakakhalapo ndiye eriyoyo ili ndi booster yofuna 12V, ndipo wabuluu uja ndi wake. Usausokoneze ndi wabuluu wa mzere woyera, umenewo ndi wodzutsira amplifaya. Uyeze wabuluuwo wailesi ili pa FM, chifukwa pa mawailesi ena umazima ukasintha kupita pa USB.

Wa Magetsi Wamng'ono:
Kawayako ndakaona, kali kuseri kwa bulaketi ya kumanzere, nakonso kanadulidwa. Ndikasenda ndilumikize kasitomala asanafike.