Snowmobile yakhala m'shedi zaka 9, ndiyambire pati kuti ilire?

Mlendo_wa_Manitoba

Moni nonse apagulu pano. Ndili ndi kavuto kena koseketsa pang'ono koma musandiseke kwambiri. Ine ndimakhala m'tauni ina yaing'ono kufupi ndi Brandon kuno ku Manitoba, chaka chachitatu tsopano. Aneba anga ndi madala ena achizungu, akusamukira kwa mwana wawo ku Winnipeg, ndiye pochotsa katundu m'shedi mwawo andipatsa snowmobile, ulele, angoti tenga mwana wanga ine mawondo anandikana kalekale. Kwa inu amene muli kumudzi, ndi chinjinga chamoto choyendera pa sinoo, kutsogolo m'malo mwa tayala kuli timatabwa tiwiri totsetsereka, kumbuyo kuli chilamba chachikulu cha rabala ngati cha katapila, amachitcha track. Iyiyi ndi Ski-Doo Safari ya m'ma 1980, injini yake Rotax 377, masilinda awiri, two stroke. Madalawo akuti anailiza komaliza zaka 9 zapitazo, anangoiphimba ndi lona basi, petulo ali momwemo.

Loweruka ndinathira petulo watsopano pamwamba pa wakaleyo, ndakoka chingwe mpaka phewa kuwawa, zii. Mnzanga wa kuntchito anandibwereka kasipuleyi kolizira injini kaja, ndapopera, yalira mwina masekondi atatu n'kuzima, ndapoperanso chimodzimodzi. Komanso m'thanki mukununkha ngati vanishi wopaka mipando. Ndiye ndifunse, ndizingopopera mpaka izolowere kapena pali china? Kugalaja kuno amatchaja pa ola, ndalama yake ikhoza kuposa mtengo wa chinthu chenichenicho. Sinoo wayamba kale kugwa ndipo ana sakundipatsa mtendere.

Mkulu_wa_Alberta

Achimwene kasipuleyi ako kabwezeni kwa mwini wake lero lomwe. Two stroke siili ngati galimoto yoti pansi pali oilo wosambitsa zitsulo, iyo oilo wake amalowa limodzi ndi petulo, ndiye mukamailiza ndi sipuleyi ndiye kuti pisitoni ikukhulana ndi silinda pouma, pamalo poti pakhala zaka 9 osaona dontho la oilo. Kulira kwa masekondi atatu kuja kwakuuzani kale nkhani yabwino, moto ulipo, vuto ndi mafuta sakufika. Musapitirire pamenepo.

Ine ndakonzapo ziwiri zotere, Polaris imodzi ndi Ski-Doo imodzi, ndipo njira yake ndi imodzimodzi. Khuthulani thanki yonse, watsopano munathirayo wawonongeka nayenso, musamumvere chisoni. Fungo la vanishi mukunenalo ndi petulo wovunda, amasanduka phula lomata. Mapaipi onse a mafuta sinthani, ndi otchipa, amagulitsa pa mita, ndipo musaiwale kapaipi kamene kali m'kati mwa thanki kokhala ndi kasefa kumapeto, kameneko ndi kamene kamaola n'kugwera pansi, anthu amasintha zonse zakunja n'kumadabwa bwanji sikulira. Pampu ya petulo pa zimenezi siyamagetsi ayi, imapopa ndi mpweya wochokera mu injini kudzera pa kapaipi kena kakafupi, m'kati mwake muli timapepala ta rabala timene timauma n'kulimba, kiti yake imapezeka.

Kenako kabureta, ikhala ya Mikuni. Imasuleni yonse, jambulani pafoni sitepe iliyonse kuti musadzasokoneze pobwezera. Muli majeti awiri ofunika, yaikulu ndi ina yaing'onong'ono imene amati pilot jet, kabowo kake n'kochepa kuposa diso la singano ndipo ndi kameneko kamatseka koyamba. Mukaiyang'anitsa kugetsi muziona kuwala mbali inayo, apo ayi simunamalize.

Musanakokenso chingwe chotsani mapulagi onse awiri, thiranimo kasupuni ka oilo wa two stroke mubowo lililonse, kokani pang'onopang'ono kangapo. Bwerekani geji ya compression, yoyezera mphamvu imene pisitoni ikupanikizira mpweya mu silinda, pa injini ngati yanuyo mukapeza 110 kapena 120 psi ndi bho, chachikulu masilinda awiriwo asasiyane kwambiri. Imodzi 120 inayo 80 ndiye kuti pali nkhani, osawononga ndalama pa zina musanadziwe zimenezo.

Chomaliza, mbewa. Tsegulani bokosi la mpweya, yang'anani mu ekizozi, komanso chotsani chitsulo chophimba masilinda chifukwa 377 imazizira ndi fani osati madzi, mbewa zikamanga chisa m'menemo mphepo siidutsa ndipo injini imapsa musanafike n'komwe kumapeto kwa msewu. Ndikubetcherani khofi kuti mupezamo chisa.

Sipanala_wa_ku_Biwi

Kkkk ine sinoo ndimangomuona pa TV koma zimene mukukambazi ndi DT 125 yeniyeni abwana, njinga zija ankayendera alangizi a zaulimi. Zimabwera pano zitakhala m'sitolo ya ofesi zaka zambiri, matenda ake omwewo. Mkulu wa Alberta wanena zoona zokhazokha koma ndiwonjezepo ziwiri.

Jeti musaitokose ndi singano kapena waya wolimba, mukulitsa bowo ndipo simudzaitchunanso bwino. Inyikeni mu mankhwala otsukira kabureta, kenako tengani kachingwe kamodzi ka kopa kuchokera mu waya wa magetsi wofewa uja, ndiye mupemerere ndi mpweya.

Chachiwiri ndi ma seal a crankshaft, marabala otseka m'mapeto mwa shafiti yaikulu ya injini, amenewa ndi amene amapha injini zogona nthawi yaitali. Rabala akauma amayamba kuyamwa mpweya wakuba, petulo amachepa mu mikisi, injini imatentha mpaka pisitoni kubooka pamwamba, ndinaionapo ine yobooka ngati munthu waiboola dala ndi msomali. Chizindikiro chake, ikalira imakwera yokha osagwira thirotulo, kapena mukasiya thirotulo imachedwa kutsika. Ndiye muziwerenga pulagi. Ikatuluka mtundu wa tiyi wamkaka muli bwino, yakuda yonyowa ndiye kuti mafuta achuluka koma siifa nazo zimenezo, ikatuluka yoyera mbuu ngati phulusa zimitsani pompo.

Nkhani ya oilo ine pampu zakale zosakanizira oilo ndi petulo sindizikhulupirira, ma DT ambiri timangochotsa n'kumasakaniza tokha m'thanki ngati majenereta ang'onoang'ono aja kapena injini za maboti kunyanja. 50:1, kutanthauza 100 ml pa malita 5. Petulo wathu kuno ali ndi ethanol kuyambira kalekale ndiye timadziwa mmene amakokera madzi akakhalitsa, kumeneko kaya wanu ndi wotani.

Mkulu_wa_Alberta

Amwene a ku Biwi, za ma seal ndi pulagi ndikugwirizana nanu zedi, koma pampu asachotse. Pampu za Rotax zimalimba, chimene chimafa ndi timapaipi take tating'ono. Asinthe timeneto, atulutse mpweya pa kasikuluwu ka pampu, thanki yoyamba asakanize 50:1 ngati inshulansi, ndipo alembe mzere ndi maka pa kathanki ka oilo. Akaona kuti oilo akutsika ndiye kuti pampu ikugwira, thanki yachiwiri petulo yekha. Ifuka utsi wambiri tsiku loyambalo, aneba adandaula, palibe kanthu. Ethanol kunonso alimo mu petulo wamba, ndiye funsani pa filing'i siteshoni ngati ali ndi wopanda ethanol. China chimene DT siikumana nacho, mpweya wozizira wa pa madigiri -25 ndi wolemera kuposa wa ku Lilongwe, umafuna petulo wambiri, n'chifukwa chake majeti a snowmobile amaoneka aakulu, wina asakunamizeni kuti muike yaing'ono kuti muzisunga mafuta.

Mayi_wa_Thunder_Bay

Abambo nonse mwathamangira ku injini ngati kuti chinthucho chimayenda ndi phokoso. Achimwene a ku Manitoba, poti mwatchula ana, ndiloleni ndikambe za pansi pake.

Bambo a kunyumba kuno anagula yakale ngati yanuyo chaka china, anatha sabata ziwiri pa kabureta, tsiku loti ilire anaima pambali n'kukoka chingwe, kumeneko thirotulo inali itamatira chotsegula. Inanyamuka yokha, kudutsa pa yadi, kukalowa mumpanda wa aneba, iwo atangogwira chingwe m'manja. Tinaseka pambuyo pake koma mwana wathu wamng'ono anali ataima cha pomwepo mphindi zochepa zapitazo. Ndiye musanailize finyani thirotulo kangapo muone ngati ikubwerera yokha msanga, yesani batani lozimitsira lofiira lija, yesani buleki. Snowmobile ilibe nyutulo ngati njinga, injini ikangokwera clutch imagwira lamba yokha n'kuyamba ulendo. Kwezani kumbuyo kuti track isakhudze pansi, ndipo pasakhale munthu kumbuyo kwake ikamazungulira chifukwa imaponya timiyala ndi ayezi, yakale ikhozanso kuduka. Ndipo chitseko cha galaja chikhale chotsegula ngakhale kuzizire bwanji, utsi umenewo umagonetsa munthu osadzukanso.

Ma clutch alipo awiri, lamba wa pakati pawo gulani watsopano, wakaleyo musunge pansi pa mpando ngati sipeya. Nkhope za clutch zikakhala ndi dzimbiri pukutani ndi sandipepa wosalala, osapakapo oilo kapena girizi. Kumbali kuli kabokosi ka tcheni kokhala ndi oilo wake, khuthulani muthire wina. Track iyang'aneni yonse mozungulira ngati ili ndi ming'alu kapena kung'ambika m'mbali. Timawilo tam'kati tizungulitseni ndi dzanja limodzilimodzi, kolira kuti khrrr kapena kogwedera bering'i yake yatha. Pali timapulasitiki titalititali timene track imatsetserekapo, amati ma slider, tikatha track imadya chitsulo, ndipo timapulasitikito timadalira sinoo kuti tizizire ndiye osayenda mtunda pa msewu wouma. Pansi pa ma ski, timatabwa takutsogolo tija, palinso tizitsulo tokhotera, tikatha mukhota chiwongolero koma iyo n'kumangopita kutsogolo.

Za mapepala, ilembetseni, valani helimeti, ndipo m'tinjira tokonzedwa tija mumafunika chiphaso, kuno ku Ontario ndi cha OFSC, bungwe la makalabu a snowmobile, kwanuko amati Snopass. Pa nyanja youndana ndi ayezi musathamangireko chaka choyamba chino. A Red Cross ya kuno amati ayezi akhale wokhuthala 25 cm kuti snowmobile idutse, ndipo pamene pali mtsinje woyenda pansi amapyapyala osaonekera.

Wachabe265

Ine funso langa ndi limodzi, mbewa zimene mukuti azipeza mu ekizozizo n'zodyedwa? Munthu ali ndi ndiwo m'shedi koma akudandaula za kabureta kkkk

Mayi_wa_Thunder_Bay

Kkkk inu musamuphetse munthu. Za kuno zina zimanyamula hantavirus, matenda oopsa a m'mapapo, ndipo amafala ndi fumbi la zitosi zake. Achimwene mukapeza chisa musasese chouma kapena kupemerera ndi mpweya, chinyowetseni kaye ndi madzi a jiki, valani magolovesi ndi masiki, muchotse ndi pepala.

Mlendo_wa_Manitoba

Zikomo nonse, ndabwera ndi lipoti. A Alberta khofi wanu mwawina, chisa chinalipo osati chimodzi, china m'bokosi la mpweya china pansi pa chitsulo cha fani, anachita kumangira ndi siponji ya mpando womwewo komanso njere za mpendadzuwa zodzaza kapu. Ndinanyowetsa ndi jiki monga ananenera achemwali. Kapaipi ka m'thanki ndinakapeza katagona pansi zidutswa ziwiri, kuti ndikakoke ndi waya kanangophwanyika ngati bisiketi. Pilot jet inali yotsekeka ndi zinthu zobiriwira, kachingwe ka kopa ka a Biwi kanagwira ntchito, ndinatenga pa chaja yakufa ya laputopu. Compression 118 ndi 115.

Dzulo madzulo ndakweza kumbuyo pa thabwa, galaja yotsegula, ana ndawatsekera m'nyumba akuonera pawindo, choko, kukoka kachisanu ndi chimodzi yalira. Utsi wa buluu yadi yonse, madala aja anatuluka ndi ndodo yawo kudzaima pampanda osayankhula kanthu, kenako angoti imalira choncho kuyambira kale. Timawilo tiwiri takumbuyo tikulira khrrr ndiye ndaitanitsa mabering'i, lamba watsopano afika Lachinayi.

Koma a Biwi tabwerani kuno. Ikatentha pang'ono, ndikasiya thirotulo imatenga kanthawi isanatsike, mwina masekondi anayi kapena asanu. Pulagi ya mbali ya clutch yatuluka yoyererako kuposa inzake.

Sipanala_wa_ku_Biwi

Musaikwere kaye abwana. Yambani ndi rabala amene wagwira kabureta ku injini, mupindeni ndi chala muone ngati ali ndi ming'alu, mangitsaninso makilampu. Akakhala bwino ndiye ndi seal ya mbali ya clutch imeneyo. Ilizeni izingolira yokha, poperani pang'ono mankhwala a kabureta kuseri kwa clutch, manja kutali ndi zozungulirazo, kulira kukasintha ndiye yomweyo. Mundijambulire mapulagi onse awiri pamodzi powala ndione.