Mwana wanga waitanidwa kukapanga chipale chofewa ku mapiri a Lesotho: ntchito imeneyi ndi yotani?

Mayi wa ku Mufakose

Moni nonse abale, a kuno ku Harare ndi amene muli kutali. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo kwa masabata awiri tsopano. Mwana wanga wachisamba, amene kwa zaka zisanu ndi chimodzi wakhala akukonza mapampu a mijigo ndi makompuresa ku Graniteside, waitanidwa kukagwira ntchito ya miyezi itatu, kuyambira June mpaka August, pa malo ochitira masewera otsetsereka pa chipale chofewa m'mapiri a Maluti ku Lesotho. Akuti usiku azikhala m'gulu la opanga chipalecho, ndipo masiku ena azithandiza pa chingwe chimene chimakokera anthu pamwamba pa phiri.

Ine ndinabadwira konkuno, makolo anga anachokera ku Dedza, ndipo kuzizira kumene ndimakudziwa ndi chisanu cha mu July chija chimayeretsa udzu m'madambo ndi kuwaula tomato kudimba. Chipale chofewa ndimangochiona pa wailesi ya kanema, ndipo ndimayesa kuti chimagwa chokha ngati mvula. Nanga munthu angachipange bwanji? Ndikamufunsa mwanayo amangoti, "Amayi musade nkhawa, ndi mapaipi basi." Mtima wanga sunakhazikike ndi yankho limeneli. Ngati alipo amene anaionapo ntchitoyi ndi maso ake, chonde andiuze mmene imayendera ndi pamene pali ngozi, kuti ndimulangize zenizeni asananyamuke.

Amene anagwirapo ku Austria, tsopano ali ku Hatfield

Mayi, mwana wanu sananame, koma wakuuzani theka lokha. Ine ndinagwira ntchito imeneyi nyengo zitatu zozizira m'mapiri a ku Austria, ndipo ndiyesa kuifotokoza monga ndinaionera.

Makina opangira chipale alibe firiji m'kati mwake, ndipo ambiri amadabwa akamva zimenezi. Amene amaundanitsa madzi ndi mpweya wa paphiri pomwepo. Pampu imatunga madzi m'damu ndi kuwakankha m'mapaipi okwiriridwa pansi mpaka kukafika pa makinawo, amene amawapopera m'mwamba ngati nkhungu. Timabowo tina tating'ono timasakaniza madzi ochepa ndi mpweya wochokera ku kompuresa, ndipo mpweyawo ukamatuluka mwamphamvu umazizira kwambiri n'kupanga timbewu ta ayezi. Timadontho tina tonse tikakhudzana ndi timbewu timeneti timaundana tisanafike pansi. Pali makina a mitundu iwiri: ena ali ngati mgolo waukulu wokhala ndi fani m'kati, ena ndi ndodo zazitali zachitsulo zimene zimasiya nkhunguyo igwe kuchokera pamwamba. Luso limeneli linayambira ku America mu 1950, ndipo lero lakula kotero kuti pafupifupi chipale chonse cha pa mpikisano wa Olimpiki wa ku Beijing mu 2022 chinali chopanga.

Chinthu chimene mwana wanu adzachiphunzira usiku woyamba ndi chakuti kuzizira pakokha sikukwanira, chifukwa chinyezi cha mumpweya chimalamuliranso. Kumbukirani mtsuko wadothi umene agogo athu ankaika pamthunzi: madzi ake amazizira chifukwa ena amatuluka thukuta kunja kwa mtsuko n'kuuma ndi mphepo, ndipo amazizira koposa m'mwezi wouma kusiyana ndi nthawi ya dzinja. N'chimodzimodzi ndi timadontho tija. Opanga chipale amayang'ana muyeso wophatikiza kuzizira ndi chinyezi, umene amautcha wet-bulb, ndipo ntchito imayamba muyesowo ukatsika kufika pafupifupi madigiri awiri ndi theka pansi pa ziro. Mpweya ukakhala wouma kwambiri, chipale chimatheka ngakhale choyezera kutentha wamba chikuonetsa pang'ono pamwamba pa ziro. Apa m'pamene Lesotho amapindulira, poti nyengo yake yozizira ndi youma ngati yathu kuno, ndipo usiku wopanda mitambo kumazizira koopsa.

Madzi okwana malita 1,000 amatulutsa chipale chodzaza malo oposa kuwirikiza kawiri pamene madziwo akanadzaza. Chipalechi n'cholemera kwambiri kuposa chogwa chokha, chifukwa ndi timibulu tolimba, ndipo n'chifukwa chake chimapirira dzuwa ndi kupondedwa.

Tsopano ndinene za usiku weniweniwo. Tinkayenda awiriawiri, tochi pachipumi, wailesi yolankhulirana pachifuwa, kuchoka pa makina ena kupita pa ena. Ukafika umalowa m'nkhungu muja n'kutambasula dzanja. Timibulu tikamadumpha pa mkono wa jekete ngati mchenga, chipale chili bwino. Tikamamatira n'kunyowetsa nsalu, madzi achuluka, uyenera kuchepetsa. Mphepo ikatembenuka, nkhungu imabwerera pa makina omwewo n'kuwakuta ndi ayezi, choncho umawatembenuza msanga.

Ngozi yaikulu ili m'mipope ya madzi. Tayala la galimoto yaing'ono limakhala ndi mphamvu ya mabaa awiri okha (baa ndi muyeso wa kukankha kwa mpweya kapena madzi), koma m'mipope imeneyi imafika makumi angapo. Usiku wina ndinaona mpope utamasuka polumikizira chifukwa ayezi anali atabisala m'kati mwa cholumikiziracho, ndipo unakwapula uku ndi uku ngati njoka yopondedwa mchira mpaka unathyola chikwangwani chathabwa chimene chinali pafupi. Tinapulumuka chifukwa tinaima kumbali, monga anatiphunzitsira. Muuzeni kuti asamadumphe mpope wokhala ndi madzi, azitsegula vavu pang'onopang'ono, ndipo akatseka azikhetsa madzi onse nthawi yomweyo, poti otsalira amaundana n'kung'amba chitsulo. Azinyamulanso magolovesi owonjezera m'kati mwa jekete, chifukwa golovesi yonyowa imalanda zala mwakachetechete: zikasiya kupweteka n'kuyamba kuyera, ndiye kuti zinthu zaipa, athamangire kotentha ndipo asazitikite.

Chomaliza, malo amenewo ali pamwamba kupitirira mamita 3,000, kufanana ndi nsonga ya Sapitwa ku Mulanje, pamene Harare ali pa mamita pafupifupi 1,500. Masiku oyamba adzapuma mwawefuwefu ndipo mutu ungamuwawe. Ngakhale injini za dizilo ndi makompuresa zimafooka kumeneko chifukwa mpweya ndi wopepuka, choncho asafulumire kuganiza kuti makina awonongeka.

Mkulu wopuma pantchito ya zikepe, Highfield

Zikomo achimwene chifukwa cha kufotokoza komveka. Ine sindinapondepo chipale, koma ndakalambira pa zingwe zachitsulo, ndikukonza zikepe m'nyumba zosanja za m'tauni muno, ndipo pa maphunziro athu tinkawerenganso za zingwe za m'mapiri chifukwa nzeru yake ndi imodzi. Ndiloleni ndiwauze mayiwa za mbali imeneyo.

Chingwe cha paphiri ndi chimodzi chozungulira, chopanda mfundo. Nsonga zake ziwiri amazilukanitsa mwaluso pa utali wowirikiza ka 1,200 kunenepa kwa chingwecho, kotero kuti chingwe chonenepa mamilimita 40 chimalukidwa pa mtunda wa mamita 48, ndipo polukapo sipatupa koti n'kukodwa pa magudumu. Chimazungulira pa magudumu awiri aakulu, lina kumunsi lina kumtunda. Limodzi limayendetsedwa ndi mota, ndipo pamakhala cholemera kapena makina a hayidiroliki okoka chingwe kuti chisalende. Pa nsanamira iliyonse pali timagudumu ta mphira, komanso kachipangizo kamene kamaimitsa zonse chingwe chikangochoka m'njira yake.

Mipando yoyamba yoyenda pa chingwe inamangidwa ku Sun Valley ku America mu 1936, ndipo James Curran, injiniya wa kampani ya njanji ya Union Pacific, anatengera nzeruyo pa makina okwezera mikoko ya nthochi m'sitima zapamadzi. Mipando yomangiriridwa pa chingwe imayenda mamita awiri kapena awiri ndi theka pa sekondi, pamene ya masiku ano, imene imamasuka pa chingwe ikafika pokwerera kuti anthu akhale bwinobwino, imathamanga mamita asanu kapena kuposa. Malo ang'onoang'ono amakonda chokokera chotchedwa T-bar, chimene munthu sakhalapo koma amangotsamira, n'kumakokedwa mapazi ali pansi. Pamenepo ntchito ya womuyang'anira ndi maso: mwana akagwa panjira, kapena chovala chikakodwa, dzanja lifike pa batani loimitsa nthawi yomweyo.

Pa zingwe za mipando pamakhala buleki ya masiku onse, buleki ina yogwira gudumu lalikulu lenilenilo, chotchinga kuti chingwe chisabwerere m'mbuyo, ndi injini ya dizilo yotsitsira anthu magetsi akathima. Zonsezi amaziyesa m'mawa uliwonse mlendo asanakwere. Amene anaona zithunzi za ku Gudauri m'dziko la Georgia mu March 2018, pamene chingwe chinabwerera m'mbuyo mwaliwiro n'kumataya anthu pokwerera, akudziwa chifukwa chake mwambowu sauphonya.

Mayi, chimene ndikuopa pa mwana wanu si kusadziwa ayi, koma kuzolowera. M'zaka zanga zonse, amene ndinawaona akuvulala anali amisiri odziwa ntchito, amene anaika dzanja pafupi ndi gudumu poganiza kuti mnzawo wazimitsa. Muuzeni kuti asanakhudze chilichonse choyenda azizimitsa yekha, akhome loko wake pa switchi, kiyi akhale m'thumba mwake, ndipo pokwera nsanamira azimanga lamba ngakhale ntchito ili ya mphindi imodzi, chifukwa makwerero okutidwa ndi ayezi salabadira kuti munthu ndi katswiri. Achimwene a ku Hatfield, simunatiuze za mathirakitala aja amasalaza chipale. Kodi sakumana ndi opanga chipale usiku?

Amene anagwirapo ku Austria

Amakumana ndithu bambo, ndipo mwachita bwino kundikumbutsa. Chipale chikapangidwa chimaunjikana milu ikuluikulu, ndipo amachisiya tsiku limodzi kapena awiri kuti madzi otsalira akhe; akachikankha chili chiwisi chimasanduka ayezi woterera. Kenaka amabwera makina onga katapila, ambiri a mtundu wa PistenBully wa ku Germany kapena Prinoth wa ku Italy. Kutsogolo ali ndi khasu lalikulu lokankhira, kumbuyo ali ndi chopukusira chimene chimaphwanya zibuma, ndipo pamapeto pake pali mphira wa mano amene amasiya timizere tosalala. Amagwira alendo akachoka madzulo, chifukwa chipale chosalazidwa chimafuna maola angapo ozizira kuti chigwirane, komanso amabwezera kumtunda chimene otsetsereka akhala akuchikokolola tsiku lonse.

Pa malo otsetsereka kwambiri makinawa amadzimangirira kumtunda ndi chingwe chachitsulo chimene chingatalike kufika kilomita imodzi. Chingwechi sichioneka mumdima, chimatha kubisala m'chipale kenaka n'kudzuka mwadzidzidzi chikakokedwa, ndipo chimapha. Woyenda pansi asalowe m'njira imene makinawa akugwira asanalankhule ndi dalaivala pa wailesi n'kumva yankho lake, ndipo azivala zonyezimira, poti kumbuyo kwa makinawo kumakhala fumbi la chipale lokhalokha.

Mlimi wa mthirira, Ruwa

Ine ndangodabwa ndi madziwo. Kuno timagona pa mzere wa pamjigo ndi zigubu, kwinaku anthu akupopera damu lonse paphiri kuti ena asewere. Komabe ndikaganiza monga mlimi, ndikuona kuti ambiri mwa madziwo sapita kutali, chifukwa chipale chikasungunuka amatsikira m'mitsinje ya komweko, ngakhale ena amauluka ndi mphepo popopera paja. Chimene chimadya ndalama kwambiri ndi magetsi okankhira madzi kumtunda, ndipo izi ndikuzidziwa pa pampu yanga yomwe. Mayi, mwanayo afunse chimene amachita magetsi akathima pakati pa usiku mapaipi ali odzaza, chifukwa ife kuno timangodikira abwere, koma kumeneko madzi oima ndi amene adzaswa mapaipi. Akabwerako ndi luso loyendetsa mapampu akuluakulu otere, alimi a kuno tidzamufuna.

Mayi wa ku Mufakose

Zikomo kwambiri nonsenu, Mulungu akudalitseni. Dzulo madzulo ndinamuitana mwanayo ndipo tinawerenga limodzi mayankho anu onse. Pa nkhani ya mtsuko anamwetulira, nati mfundo imeneyo anaiphunzira kale pa makina oziziritsira madzi. Koma titafika pa za chingwe chobisala m'chipale anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anavomera kuti sanamvepo. Walembera mabwana akewo kufunsa ngati zovala, nsapato ndi lamba wokwerera amapereka okha, ngati usiku amayenda awiriawiri, ndiponso funso lija la magetsi limene mwatipatsa achemwali a ku Ruwa. Loko wa pa switchi wati atenga wake wa ku Graniteside, amene ali ndi kiyi mmodzi yekha.

Loweruka tipita ku Mupedzanhamo kukafuna majuzi ndi masokosi. Achimwene a ku Hatfield, ndithandizeninso pa chimodzi: kodi zovala za m'kati zikhale za ubweya kapena za thonje? Ine ndinali nditamukonzera kale mavesiti a thonje anayi.

Amene anagwirapo ku Austria

A thonjewo atsale kuno, mayi. Thonje limasunga thukuta, ndipo munthu akaima pambuyo pokwera phiri, nsalu yonyowayo imamuzizira pathupi. Funani za ubweya kapena za ulusi wa polyester, zopyapyala zingapo zovala mosanjikiza, kuti azivula chimodzi akatenthedwa. Nsapato zikhale zokulirapo pang'ono kuti zala zizitakataka m'kati ngakhale atavala masokosi okhuthala, ndipo mumugulire mafuta oteteza khungu ku dzuwa ndi magalasi akuda, chifukwa masana pa chingwe paja kuwala kobwerera kuchokera pa chipale kumawotcha nkhope ndi maso.