Mafoloko a Honda CB550 aja asiya kudontha

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa za mafoloko (mapaipi awiri ogwira tayala lakutsogolo, okhala ndi sipuling'i ndi oyilo mkati) a njinga yanga yamoto ya Honda CB550 ya 1976, aja ankadontha oyilo n'kumamira ndikagwira buleki. Ena munati ndithire ATF (oyilo wa magiya a galimoto za otomatiki) monga limanenera buku la Honda, koma ndinatsata achimwene ena amene anati ndithire oyilo wa mafoloko wa 10W (nambalayi imasonyeza kulimba kwa oyilo).

Oyilo wakale anatuluka wotuwa, wonunkha koopsa. Ndinasintha ma seal (timalabala totchinga oyilo kuti asadonthe), ndipo pa mapaipi ndinapezapo timadontho ta dzimbiri tomwe tinkang'amba labala. Ndinatipala pang'onopang'ono ndi sandipepa wosalala wonyowa. Tsopano kutsogolo kwakhazikika, ngakhale pa mabampu.

Amene mukufuna kuyesa, yambani mwamasula pang'ono chotsekera chapamwamba foloko ikadali pa njinga. Pochichotsa chigwireni zolimba, sipuling'i imachikankha. Oyilo akhale wochuluka mofanana mbali zonse ziwiri.