"M'mera mpoyamba": azakhali akuti sindiudziwa mwambiwu

Nambewe, Lilongwe:
Akuluakulu ndithandizeni. Ndili ndi kaduwa ka orchid ka mtundu wa Polystachya, kaja kamamera pa nthambi za mitengo m'nkhalango za pa phiri la Zomba. Anandigawira ndi mayi wina wolima maluwa, ine n'kukamangirira pa khungwa pakhonde. Nditachokapo, mwana wa achemwali anakamvera chisoni kuti kalibe dothi, ndiye anakabzala m'chitini cha dothi lakudimba. Pobwera ndinapeza mizu yambiri yawola. Ndili kalikiliki kudula yowolayo, azakhali anangoti, "Kasiye iwe, m'mera mpoyamba." Ndinati eya, n'chifukwa chake ndikukasamala kakadali kakang'ono. Iwo akuti ayi, mwambiwo ukunena kuti chinthu chikalakwika poyamba ndiye chalakwika basi. Zoona zake n'ziti?

Bambo Mbewe, Dedza:
Agogo anga aakazi ankanena mawu amenewa mu Disembala, akamatidzutsa m'bandakucha kuti tikapalire. Ankati chimanga chikafika m'mawondo chili m'tchire, kaya uthire feteleza matumba angati, sichibwereranso. Koma ankatiuza tisanachedwe, makasu ali paphewa. Sindinawamvepo akuunena zinthu zitawonongeka kale.

Ngozo, Ntcheu:
Nonse mwasochera. Mmera akunena apa si wakumunda, ndi chimera. Agogo anga ankafulula masese, ndipo mawere akawaviika n'kuwafunditsa masamba a nthochi, ankasuzumira m'mawa uliwonse. Chimera chikakanika, mowa wonse ndi wotaya ngakhale nkhuni zikhale mulu. Mwambiwu unachokera pa mbiya.

Nachisale, Mulanje:
A Ngozo mwayamba kale za mowa kkkk. Kwathu agogo ankaunena mwana akatukwana koyamba, anthu n'kumaseka kuti ndi wamng'ono.
Koma a Nambewe, kaduwako musakataye. Finyani mizu pang'ono. Ikakhala yolimba, yotuwa, ndipo mukaithira madzi ikusanduka yobiriwira, ndiye kuti ili moyo. Maluwa amenewa sadya mtengo ayi, amangogwirako, mizu yake imafuna mphepo. Kuno amakhalira nkhungu ndi chiperoni, usiku kumazizira, masana ali pamthunzi wa masamba. Kabwezereni pa khungwa, ikani ndere pang'ono pansi pa mizu, mangani ndi ulusi mosathinitsa. Madzi akhale a mvula ngati muli nawo, muzithira m'mawa kuti pofika madzulo pakhale pouma. Mdani wanu weniweni ndi dzuwa la Okutobala la ku Lilongweko. Feteleza musayerekeze n'komwe mpaka mutaona nsonga zatsopano pa mizu.

Ngozo, Ntcheu:
Mwana wotukwana uja ndi fanizo chabe, mayi. Chiyambi chake ndi chimera. Funsani agogo aliyense wa Chingoni.

Nyagondwe, Rumphi:
Ine Chichewa ndinachiphunzira kusukulu, koma ndikuona ngati azakhali ali ndi mfundo. Ku Nyika kuno kuli mitundu ya orchid yoposa 200, yambiri yomera pansi, imachita maluwa nthawi ya dzinja. Njere zake n'zosalala ngati fumbi, zilibe chakudya m'kati, ndipo sizimera pokhapokha zitakumana ndi tibowa tina tosaoneka ndi maso ta m'nthaka. Zikaphonya pamenepo, kwatha. Zikameranso pamapita zaka duwa lisanaoneke. Agogo anga ankakumba chinaka, timizu ta maluwa amenewa tija amasinja n'kuphika ndi nsinjiro, koma ankasiyako zina kuti chaka chamawa adzapeze. Lero anthu akukumba zonse kukagulitsa, makamaka ku Zambia kumene amati chikanda.

Bambo Mbewe, Dedza:
Apo ndiye mukundivomereza ine, mayi. Agogo anu ankasiyako chifukwa ankadziwa kuti nthawi yosamala ndi yoyambayo.

Ngozo, Ntcheu:
Njere yosamera popanda tibowa, mowa wosawira popanda chimera. Mwaona? Mukubwera nokha kwa ine.

Nachisale, Mulanje:
Palibe akubwera kwa inu bambo. Chimera ndi chimera, mmera ndi mmera. Mwinatu munkamva mwambiwu muli kuseri kwa mbiya.

Aphunzitsi opuma, Zomba:
Bola inu mukukangana, ndiye kuti mukuudziwa. Ndinafunsa mdzukulu wanga wa Fomu 3 kuti mmera n'chiyani, akuti, "Aaa agogo, za kumudzi zimenezo." Mwana wobadwira pansi pa phiri! Ukamupatsa moni akuti "bho", ukamutuma akuti "shapu". Ndiponso ndichenjeze, anyamata ena amazula maluwa amenewa m'nkhalango yotetezedwa n'kumagulitsa kwa alendo. Musamagule, ambiri amakafera pakhonde.

Bambo Mbewe, Dedza:
Wanga amanditcha "madala" pamaso pa alendo. Ndikamudzudzula akuti ndi ulemu.

Nambewe, Lilongwe:
Mizu iwiri yabiriwira nditathira madzi. Ndawerengera azakhali zonse mwalembazi, akuti a ku Dedza ndi mwana, a ku Ntcheu asiye mowa.

Ngozo, Ntcheu:
Auzeni azakhaliwo kuti ine sindimwa. Koma muwafunse kuti amayi awo ankafulula kapena ayi, mudzandiuze.